Mafupa a nyama ya Qurbani ndi msuzi wa ku Vietnam



Tsiku lachiwiri la Eid ul-Adha yapitayi, titamaliza kugawa nyama, tinazungulira kuseri kumene anyamata ankasendera ng'ombe ndi mbuzi. Tinapeza mulu wa mafupa a miyendo, a m'mawondo ndi a msana, ntchentche zitaunjirira, agalu a m'mudzi akudikira chapatali kuti tichoke. Palibe amene analakwa mwadala. Osenda anali atatopa, mipeni itabuntha, ndipo aliyense wolandira amafuna mnofu m'jumbo mwake. Mukamuikira fupa amaona ngati mwamubera. Komabe ife amene timaima pamaso pa ana n'kumawaphunzitsa kuti israf, kuononga chakudya, n'koletsedwa, monga ikutichenjezera Surat al-A'raf pa ndime 31, tinachita manyazi tsiku limenelo. Nyama ija inazingidwa m'dzina la Allah yonse, mnofu ndi mafupa omwe.

Pali dziko lina kumene mafupa ngati amenewa ndiwo anabala chakudya chimene mtundu wonse umanyadira. Dzikolo ndi Vietnam, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo lili ndi anthu pafupifupi 100 miliyoni. Musaliyese lachilendo kwambiri. Amene mumapita ku Muloza kapena kuwoloka kukagula zinthu ku Milange mumaidziwa netiweki ya Movitel. Inayamba ntchito m'chaka cha 2012, ndipo gawo lalikulu la kampaniyo ndi la Viettel, kampani ya ku Vietnam. Anthu akumeneko amalima mpunga wochuluka mpaka kugulitsa kunja, amalimanso tiyi m'mapiri ngati ife kuno. Chakudya chawocho amachilemba kuti phở. Tikudziwa kuti ophunzira athu awerenga ngati mmene timawerengera “phoso” kapena “phokoso”, koma m'chilankhulo chawo ph amamveka ngati f, choncho dzinali limatchulidwa moyandikira “fa”. Ndi msuzi woyera mbee wa mafupa a ng'ombe, wonunkhira jinja ndi zokometsera, umene amathira pa timizere tofewa ta ufa wa mpunga, pamwamba n'kuikapo nyama yodula mopyapyala ndi masamba.

Mbiri yake si yakale kwambiri. Phở anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kumpoto kwa dzikolo, ku Nam Dinh ndi ku Hanoi, pamene Vietnam inali m'manja mwa atsamunda a ku France. Kale anthu akumeneko sankadya ng'ombe kawirikawiri, poti ng'ombe ndi njati zoweta zinali zolimira m'minda ya mpunga. Azungu aja atafika ankafuna nyama ya ng'ombe patebulo pawo, ndiye ng'ombe zinayamba kuphedwa zambiri. Iwo ankatenga minofu yabwino, mafupa ndi zidutswa zolimba n'kutsalira eni dziko pamtengo wotsika. Ogulitsa zakudya m'misewu anatenga zotsalazo, naziphika usiku wonse, m'mamawa n'kusenza mphika ndi mbaula pa mtengo wopingasa paphewa kukagulitsa kwa anthu aganyu padoko ndi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya ku Nam Dinh. Pa za dzinali akatswiri amatsutsana: ena amati linachokera ku chakudya cha Chifalansa chotchedwa pot-au-feu, ena amati ku liwu la Chitchaina lotanthauza timizere ta mpunga, poti ambiri mwa ogulitsa oyambirira anali ochokera ku China. Ife mtsutsowo sutikhudza kwenikweni. Chimene chatigwira mtima n'chakuti chinali chakudya cha amphawi, chopangidwa ndi zimene olemera anazikana.

M'chaka cha 1954 dzikolo linagawidwa pawiri, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasamuka kumpoto kupita kum'mwera atatenga kaphikidwe kawo. Ku Saigon msuzi uja unasintha: unayamba kutsekemera pang'ono, ndipo pambali ankaikapo mbale ya masamba aawisi ndi mphodza zomeretsa. Akumpoto mpaka lero amati akum'mwera anaononga chakudya, akum'mwera nawo amati cha kumpoto n'chosakoma, monga mmene timakanganira za nsima ya ufa woyera ndi ya kondowole. M'zaka za nkhondo ndi umphawi nyama inasowa moti m'malo ogulitsira a boma ankapereka msuzi wopanda nyama, anthu n'kuupatsa dzina lachipongwe loti phở wopanda woyendetsa, kufanizira ndi ndege za America zouluka popanda munthu. Nkhondo itatha mu 1975, othawa kwawo anafika nacho chakudyachi ku America, ku France ndi ku Australia. Mu 2024 boma la Vietnam linaika phở wa ku Hanoi ndi wa ku Nam Dinh pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko.

Funso loyamba la Msilamu ndi lodziwika: kodi n'chololedwa? Ku Vietnam kuli abale athu m'chipembedzo, ngakhale ndi ochepa, osakwana ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Ambiri ndi a mtundu wa Cham, ndipo amene amakhala m'chigawo cha An Giang kufupi ndi tauni ya Chau Doc amatsata madh-hab a Imam Shafi'i monga ambiri a ife. Mu mzinda wa Ho Chi Minh, umene kale unali Saigon, muli mzikiti waukulu womangidwa mu 1935 ndi amalonda Achisilamu ochokera ku India, ndipo pafupi pake pali malo odyera a halal. Iwo amaphika phở, amadya. Chovuta chili pa zinthu zimene ophika ena amaikamo. Ena amasakaniza mafupa a nkhumba kuti achepetse mtengo, ndipo ng'ombe yakeyo kawirikawiri siinazingidwe mwa Chisilamu. Mwana wathu akadzapeza mwayi wa maphunziro kunja, adzafunse asanadye. Koma pakhomo pathu, ndi mafupa a Qurbani amene tinaona ndi maso athu akuzingidwa, nkhawa imeneyo palibe. Mukamagula mafupa masiku wamba, gulani ku butchala imene mukudziwa wozinga wake kapena imene ili ndi chiphaso cha nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi. Poto wamkulu wobwereka kwa anansi mufunse mwaulemu zimene anaphikamo. Ngati munalowa nkhumba, mukudziwa malamulo a Shafi'i, kutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi.

Tsopano kaphikidwe. Kwa banja la anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu mufunika mafupa olemera makilogalamu 2, nyama theka la kilogalamu ndi madzi malita 5. Mafupa onse si ofanana. A miyendo ali ndi mafuta m'kati, ndiwo amapatsa msuzi kukoma. A m'mawondo ndi mfundo zina ali ndi chichereŵechereŵe ndi mitsempha, ndiwo amaupatsa thupi. Mchira wa ng'ombe uli ndi zonse ziwiri. Mang'ina nawonso ndi abwino kwambiri, ngakhale kuno atchuka ndi malo amene Msilamu sayenera kupezekako; vuto ndi malowo, phazi la ng'ombe lilibe mlandu. Sakanizani mitundu imeneyi, ndipo mafupa aatali muwadule ndi chikwanje choyera kuti madzi alowe m'kati. Nyama yake ikhale yolimba, ya pachifuwa kapena ya pamsongolo, imene tikaiwotcha timadandaula kuti ikutha mano.

Choyamba chimene amachita anthu a ku Vietnam amayi ambiri kuno angachione ngati kutaya chakudya. Amaika mafupa m'madzi ozizira, n'kuwawiritsa mwamphamvu mphindi 5 mpaka 10, kenako madzi onsewo n'kuwataya, mafupa n'kuwatsuka limodzilimodzi, poto n'kumutsukanso. Pamphindi zochepazo pamwamba pamayandama thovu lotuwa lonyansa. Ophunzira ena anatifunsa m'kalasi ngati thovu limeneli ndi magazi, ndipo ngati ndi magazi, kodi msuzi umene timaphika masiku onse osalichotsa ndi haraam? Yankho ndi lakuti ayi. Chimene Qur'an yaletsa pa Surat al-An'am ndime 145 ndi magazi oyenderera, amene amatuluka pozinga. Otsalira mu mnofu ndi m'mitsempha nyama itazingidwa bwino ma ulama anawakhululukira. Thovu lija ndi mapuloteni ndi timagazi totsalira timene taundana ndi kutentha. Tikulichotsa kuti msuzi uyere ndiponso usanunkhe chiwisi. Kukoma kwenikweni kwa fupa kumatuluka patapita maola, choncho madzi oyambawo sapita ndi kanthu kodandaulitsa.

Pamene mafupa akuwira koyambako, tengani anyezi awiri aakulu ndi jinja wotalika ngati zala ziwiri. Musasende. Ziikeni pa makala amoto, muzitembenuza mpaka khungu lide ndipo m'kati mufewe, mwina mphindi 10 kapena 15. Apa ife a mbaula tapambana a sitovu yamagetsi, chifukwa moto wa makala ndi umene eni akewo ankagwiritsa ntchito. Kuwotchaku kumachotsa ukali wa anyezi n'kutulutsa kutsekemera kwake, kumasiyanso kafungo ka utsi kamene ndi chizindikiro cha phở. Zikazizira palani zakuda zonse, mutsuke pang'ono, jinja mumuphwanye ndi munsi. Mukasiya zopsererazo msuzi umada ndi kuwawa.

Bwezerani mafupa m'poto woyera, thirani malita 5 aja, ikani anyezi, jinja, nyama yosadula ndi supuni imodzi yaikulu ya mchere. Zikangoyamba kuwira, chepetsani moto. Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ife tinalephera ulendo woyamba. Tinazolowera kuti nyama yolimba imafuna moto waukali, poto azichita kubwadamuka. Tinatero, ndipo tinapeza msuzi wotuwa ngati madzi otsukira mpunga, wamafuta okakamira m'kamwa. Madzi akamawira mwamphamvu amamenya mafuta n'kuwaphwanya tizidutswa ting'onoting'ono tosakanikirana ndi madzi, ndipo zikatero simungathenso kuwalekanitsa. Moto woyenera ndi woti pamwamba pazingotuluka kathovu kamodzikamodzi, apa ndi apo, ngati kasupe. Musavundikire kwathunthu, musatakase. Mphindi 30 zoyamba khalani pafupi ndi chipande, muziwaula thovu ndi mafuta oyandama. Mafutawo musataye, sungani m'kapu, mawa mukazingire ndiwo zamasamba.

Ophunzira a sayansi amvetse chimene chikuchitika m'potomo. Mitsempha ndi chichereŵechereŵe zili ndi puloteni yolimba yotchedwa collagen. Ikakhala m'madzi otentha nthawi yaitali imasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka gelatin, imene imapangitsa msuzi kumata pang'ono pamilomo ndi kuundana ukazizira. Chofunika pamenepa ndi nthawi. Madzi akafika powira sangatenthe kuposa pamenepo ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka bwanji. Moto woonjezerawo umangowasandutsa nthunzi. Mafupa a ng'ombe amafuna maola 4 mpaka 6. Nyama ija ichotseni pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ikafewa koma isanasweke, muiviike m'madzi ozizira owiritsa kale kuti isade, n'kuiika pambali yovundikira. Madzi akaphwera onjezerani otentha, osati ozizira.

Maola asanu a moto si nkhani yaing'ono kwa munthu wa ku Mulanje. Tonse tikuona mmene mitengo yathera m'mbali mwa phiri, ndipo zimene tinaona pa namondwe wa Freddy mu March 2023 sitinaziiwale. Sitingalembe za kupewa israf ya mafupa kwinaku tikuphunzitsa israf ya nkhuni. Mwamwayi moto umene msuziwu umafuna ndi wochepa. Pa chitetezo mbaula, mitengo iwiri kapena itatu ya nandolo youma kapena zitsononkho zimakwanira kuusunga. Njira ina ndi ya dengu: msuzi ukawira ola limodzi ndi theka, nyama mwachotsa, vundikirani bwino, kulungani poto m'bulangete lakale, muike m'dengu lodzaza udzu wouma kapena nsanza, pamwamba pilo. Poto wamkulu wodzaza amasunga kutentha maola atatu kapena anayi, collagen ija ikusungunukabe. Mukamutulutsa mumuwiritsenso mphindi 10 musanapitirize, ndipo musamusiye m'dengumo usiku wonse, chifukwa msuzi wofunda ndi munda wa tizilombo. Mabanja atatu akhozanso kuphika poto mmodzi n'kugawana.

Zokometsera zimalowa ola lomaliza, chifukwa zikakhalitsa zimawawa. Chachikulu ndi star anise, kachipatso kouma kofiirira kooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, kamene kamalimidwa kwambiri ku Lang Son, kumalire a Vietnam ndi China. Mufunika zisanu. Kenako khungwa la sinamoni lotalika ngati chala, karafuu zinayi, zomwe zija za ku Zanzibar ndi Pemba, ndi supuni imodzi ya njere za dhania. Zonsezi zimapezeka m'masitolo a zokometsera ku Limbe, ndipo amayi amene amaphika pilawu kapena biriyani pa Eid ambiri ali nazo kale m'kabati. Mukagula paketi ya zosakaniza za pilawu zosapera, sankhanimo zimenezi, jira mumusiye. Zaufa musagwiritse ntchito, zimadetsa msuzi, ndipo ufa wa kale kapena chikasu zisayandikire n'komwe. Tomato nayenso ayi. Tikudziwa kuti kwa ife ndiwo yopanda tomato ili ngati tiyi wopanda shuga, koma ulendo uno mupirire. Zikazingeni m'chiwaya chouma mphindi ziwiri mpaka fungo lituluke, zimangeni m'kansalu koyera, n'kuponya m'poto. Star anise akasowa, msuzi ukhalabe wokoma ndi sinamoni ndi karafuu, kungoti munthu wa ku Hanoi sangauvomere.

Chotsala ndi chinthu chimene iwo amati nước mắm, madzi a nsomba. Amatenga tinsomba ta m'nyanja yamchere tofanana ndi usipa, n'kutisanjikiza ndi mchere wambiri m'migolo yamatabwa kwa chaka kapena kupitirira, ndipo madzi ofiirira amene amatuluka ndiwo mchere wawo wa tsiku ndi tsiku. Otchuka kwambiri amachokera pa chilumba cha Phu Quoc. Fungo lake m'botolo ndi loopsa, koma m'msuzi limazimirira n'kusiya kukoma kumene wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakufotokoza mu 1908 n'kukutcha umami. Pa za chipembedzo, Surat al-Ma'idah ndime 96 ikuloleza za m'nyanja, ndipo Asilamu a ku Malaysia, omwenso ndi a Shafi'i, ali ndi madzi awo a nsomba otchedwa budu amene amadya kuyambira kale. Mukapeza botolo m'masitolo aakulu a ku Blantyre, werengani zimene zalembedwapo. Likhale la nsomba, mchere, mwina ndi shuga, ndipo likakhala ndi chidindo cha halal ndi bwino koposa. Abale athu a Hanafi, amene pa za m'madzi amalola nsomba zokha, aonetsetse kuti mulibe nkhanu kapena zamoyo zina. Supuni zazikulu zinayi zimakwana poto wathu uja.

Ambiri a ife botolo limenelo sitilipeza, ndipo sitikuona chifukwa chokwerera minibasi kulifuna. Tengani usipa wouma wodzaza dzanja, chotsani mitu ndi matumbo chifukwa zimawawa, ukazingeni pang'ono popanda mafuta, muuwiritse m'makapu awiri a madzi mphindi 20, n'kusefa. Madziwo muzithira m'msuzi pang'onopang'ono uku mukulawa. Sizifanana ndendende, koma ntchito yake ndi yomweyo. Onjezerani supuni imodzi ya shuga ndi mchere mpaka msuzi ukhale wowawira mchere pang'ono kuposa mmene mumafunira, chifukwa timizere ta mpunga tilibe mchere ndipo tidzauchepetsa mphamvu. Pomaliza sefani msuzi wonse pa nsalu yoyera. Timinofu ndi mafuta a m'mafupa otsalira musataye; ana akudikira.

Tinene zoona pa nkhani ya thanzi, poti pa WhatsApp pamayenda zambiri. Msuzi wa mafupa si mankhwala, ndipo calcium amene amatuluka m'fupa kulowa m'madzi ndi wochepa kwambiri. Mwana amene akudya usipa ndi minga yake yomwe akupeza calcium wambiri kuposa amene akumwa msuziwu. Ubwino wake ndi wakuti ndi chakudya chotentha, chamadzi, chosavuta kumeza, chimene munthu wodwala kapena nkhalamba yopanda mano ingalandire pamene nsima yaikana, ndipo mukaikamo nyama, mpunga ndi masamba chimakhala chakudya chokwanira.

Timizere ta mpunga ndiye ntchito imene imafuna kuleza mtima. Njira yachidule ndi kugula paketi ya rice noodles kumene ikupezeka, kapena kugwiritsa ntchito supageti wopyapyala, kapenanso kungothira msuzi pa mpunga wophika. Palibe tchimo pamenepo. Koma amene akufuna zenizeni atha kupanga pakhomo. Viikani mpunga usiku wonse, muutsanule, uume pang'ono pa lichero, muusinje mu mtondo ndi kusefa kawiri mpaka ufa ukhale wosalala ngati wa tirigu. Mpunga wakale, wouma bwino, umaposa watsopano umene umamata. Woswekasweka wotchipa uja ndi wabwino, Kilombero wanu musungire alendo. Ufa wa mpunga pawokha umathothoka, ndiye umafuna sitachi ya chinangwa. Palani chinangwa chosawawa monga manyokola, finyani m'madzi pa nsalu, dikirani maola awiri. Zoyera zimene zakhazikika pansi ndiyo sitachiyo. Sakanizani makapu awiri a ufa wa mpunga, theka la kapu ya sitachi, makapu atatu a madzi, kamchere ndi supuni ya mafuta ophikira. Zikhale zamadzimadzi ngati mkaka, ndipo zikhale kaye mphindi 30.

Wiritsani madzi m'sefuliya yaikulu, muikemo timiyala titatu toyera kapena kambale kozondotsa, pamwamba pake mbale yachitsulo yafulati yopaka mafuta. Takasani phala lija, thirani lochepa longokwanira kuphimba pansi pa mbaleyo, vundikirani. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi nthunzi ikhala itaphika chinsalu choyera chonyezimira. Chizizire pang'ono, chipakeni mafuta pamwamba, chimatuleni mosamala, chipindeni n'kuchidula timizere totambalala ngati udzu wofolerera. Choyamba chimang'ambika nthawi zonse, chachiwirinso mwina. Pofika chachinayi dzanja limakhala litazolowera. Ndi mbale ziwiri zosinthanasinthana ntchito imafulumira, ndipo iyi ndi ntchito imene anyamata a Fomu 3 angagwire bwinobwino mmalo moimirira pakhomo kufunsa ngati zapsa.

Mphodza zomeretsa muyambe masiku anayi chisanafike chophika. Ndi luso lomwe lija la chimera cha thobwa: viikani usiku umodzi, ikani m'nsalu yonyowa pamalo amdima, muzitsuka m'mawa ndi madzulo. Ku Vietnam ambiri amadya zosaphika, pamodzi ndi masamba aawisi. Ife tikulangiza kuti muziviike m'madzi owira mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo masamba a anyezi, a dhania ndi minti muwatsuke ndi madzi othira klorini kapena owiritsa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa mokwanira. Chimodzimodzi nyama. Kumeneko amakonda kuika nyama yaiwisi yodula mopyapyala m'mbale kuti ipse ndi kutentha kwa msuzi, n'kuidya ikadali yofiirira. Nyama ya ng'ombe yosapsa bwino imatha kupatsa munthu njoka za m'mimba zazitali zija, ndipo nyama ya Qurbani imakhala itakhala panja maola angapo. Gwiritsani ntchito yophika ija, muidule mopingasa mitsempha, mopyapyala mmene mpeni wanu ungathere.

Pogawa, mbale zikhale zolowa ndiponso zotenthetsa ndi madzi otentha. Timizere tiviikeni m'madzi owira kamphindi, tiikeni pansi, pamwamba nyama, anyezi wodula mopyapyala ndi masamba ake, kenako msuzi wowira kuchokera pamoto. Aliyense adzithirire yekha ndimu ndi kambuzi. Eni ake amadyera timitengo tiwiri ndi supuni. Ife foloko ndi supuni zikwanira, Bismillah, ndi dzanja lamanja. Ana akumbutsidwe kuti Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kuuzira m'chiwiya, choncho adikire kuti zizizire pang'ono. Kwawoko ichi ndi chakudya cha m'mawa. Kwathu kuno, abambo ena akamaliza mbale adzafunsabe kuti nsima ili kuti, ndipo sitiwaimba mlandu. Koma zaka zino Eid ul-Adha ikugwa nyengo yozizira, ndipo m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba phiri, mudzamvetsa chifukwa chake anthu a ku Hanoi amadzukira mbale imeneyi.

Amene mwalandira mafupa a mbuzi, njira ndi yomweyi, koma maola atatu akwana, ndipo jinja muonjezere chifukwa fungo la mbuzi ndi lamphamvu. Nkhuku yachikuda nayo imatheka. Ku Hanoi phở wa nkhuku anafala cha m'ma 1939 pamene boma linaletsa kugulitsa nyama ya ng'ombe masiku ena a pamlungu. Nkhuku imafuna ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo zokometsera muchepetse ndi theka. Msuzi wotsala, ngati mulibe firiji, uwiritseninso madzulo ndi m'mawa, ndipo usapitirire tsiku lotsatira.

Mu Sahih Muslim muli hadith imene Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) analangiza Abu Dharr (radhiya Allahu anhu) kuti akaphika msuzi achulutse madzi n'cholinga choti apatseko anansi ake. Hadith imeneyi sinasankhe chipembedzo cha mnansiyo, ndipo ife okhala pafupi ndi Mishoni anansi athu ambiri ndi Akhristu a CCAP ndi mipingo ina. Mnofu wa ng'ombe imodzi umatha mofulumira pogawa, koma mafupa ake angatulutse msuzi wokwanira anthu makumi angapo. Pempho lathu ku komiti ya mzikiti ndi ili. Pa Qurbani ikubwerayi, Insha Allah, pasankhidwe anyamata awiri a chikwanje ndi chipika choyera amene ntchito yawo idzakhale kudula mafupa basi, ndipo jumbo iliyonse ilandire gawo lake. Amene atsale, pamodzi ndi mang'ina ndi michira, alowe m'mapoto aakulu tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Ophunzira athu adzathandiza kuwaula thovu ndi kusefa, zigubu zotsuka bwino zidzachokere m'makomo. Gawo lina lipite kwa okalamba amene sangathe kubwera kudzalandira nyama, lina kwa odikirira odwala ku chipatala cha Mulanje Mission, titayamba tapempha chilolezo kwa akuluakulu a chipatalacho ndi kufunsa anamwino odwala amene saloledwa mchere kapena mafuta. Amayi amene muli ndi star anise ndi sinamoni m'kabati, tiuzeni msanga kuti tidziwe zoti tikagule ku Limbe.